Mabuku a Chinyanja m'kaundula wa pa intaneti: zomwe sukulu za ku Marávia zingapindule

Mphunzitsi wa kalasi yachiwiri ku Fingoé akamaliza buku la boma ndi ophunzira ake, amatsala ndi funso ili: kodi anawa awerengenso chiyani? Mwana amene wangodziwa kumene kulumikiza zilembo amafunika nkhani zambiri zazifupi, zolembedwa m'chilankhulo chomwe amachimva, kuti diso ndi lilime zizolowere. Akazisowa, luso lomwe walipeza movutikira limayamba kuzilala. Mabuku otere a Chinyanja alipo ndithu. Ena adasindikizidwa ku Maputo, ena ku Lusaka ndi ku Blantyre, ena adapangidwa ndi mipingo ndi mabungwe, ndipo ena ali pa intaneti. Chomwe chikusowa ndi malo amodzi pomwe mphunzitsi angayang'ane n'kudziwa kuti mabukuwo ndi ati, akuyenera kalasi iti, komanso ali kuti.

Malo oterowo ndiwo kaundula wa mabuku. Masiku ano pali magulu a anthu pa intaneti omwe amathandizana kulemba mabuku m'kaundula, ndipo zida zawo zambiri n'zaulere. Nkhaniyi ikufotokoza mmene zidazo zimagwirira ntchito, pomwe zimalephera zikakumana ndi buku la Chinyanja, ndi zomwe aphunzitsi ndi ofufuza a m'boma la Marávia angachite kuti zidazo ziwatumikire.

Maphunziro a zilankhulo ziwiri ndi njala ya mabuku

Boma la Marávia lili kumpoto kwa nyanja ya Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete. Kumadzulo limachita malire ndi Zumbo, kummawa ndi Chifunde, ndipo kumpoto ndi dziko la Zambia. Dzina lake limakumbutsa ufumu wakale wa Maravi. Anthu ambiri kumeneko amalankhula Chinyanja, ena Chinsenga ndi Chinyungwe, moti ana ochuluka a kumidzi amakumana ndi Chipwitikizi kwenikweni tsiku lomwe ayamba sukulu.

Chigawo cha Tete si chachilendo pa nkhani yophunzitsa m'zilankhulo ziwiri. Kuyambira 1993 mpaka 1997, bungwe la boma lotukula maphunziro la INDE lidayendetsa ntchito yoyeserera yotchedwa PEBIMO, yomwe idaphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, komanso m'Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri adalowa m'sukulu zina za boma m'zilankhulo 16. Lamulo la maphunziro la 2018 lidawazindikira kuti ndi njira imodzi yovomerezeka yophunzitsira ku pulayimale, ndipo ndondomeko yowafalitsa ya 2020 mpaka 2029 ikukamba za zilankhulo 19. M'njira imeneyi mwana amaphunzira kuwerenga ndi kulemba m'chilankhulo cha kwawo m'makalasi oyamba, uku akuphunzira Chipwitikizi ngati phunziro, kenaka Chipwitikizicho chimayamba kutenga malo pang'onopang'ono.

Ofufuza monga Carol Benson, yemwe adaunika PEBIMO, ndi Feliciano Chimbutane, yemwe adatulutsa buku lonena za maphunzirowa mu 2011, adaonetsa kuti ana amamasuka kulankhula ndi kufunsa m'kalasi akamaphunzira m'chilankhulo chawo. Kafukufuku wa Chimbutane adaonetsanso kuti kuchepa kwa mabuku a m'zilankhulo za m'dzikomo ndi limodzi mwa mavuto aakulu omwe aphunzitsi amalimbana nawo.

Kuchepako kuli pawiri. Pali mabuku omwe sadalembedwe n'komwe, ndipo pali mabuku omwe adalembedwa koma sakudziwika. Vuto loyamba limafuna olemba, osindikiza ndi ndalama zambiri. Lachiwiri limafuna kope, foni ndi mgwirizano. Komanso popanda kuthana ndi lachiwirili, n'kovuta kudziwa kukula kwa loyambalo. Bungwe likhoza kuwononga ndalama polembetsa buku la nthano lomwe lilipo kale, pamene kabuku kosavuta ka masamu kapena ka zaumoyo kakusowekabe.

Kaundula wa mabuku ndi chiyani?

Amene adalowapo m'laibulale yakale akukumbukira kabati ya timadirowa todzaza makhadi. Khadi lililonse linkaimira buku limodzi, ndipo linkanena mutu wake, wolemba, wosindikiza, chaka ndi shelefu pomwe bukulo lili. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Henriette Avram wa ku Library of Congress ku America adatsogolera ntchito yokonza njira yotchedwa MARC, yolembera makhadi amenewa m'kompyuta mwa dongosolo limodzi. Kuchokera pamenepo, laibulale imodzi ikalemba khadi la buku, inzake sivutikanso kulemba lina, imangokopera lomwelo. Nkhokwe yaikulu ya makhadi otere lero ndi WorldCat, ya bungwe la OCLC, momwe malaibulale zikwizikwi amasonkhamo makhadi awo.

Intaneti idatsegulira ntchitoyi anthu wamba omwe sadaphunzire za malaibulale. Pali zida zinayi zomwe n'zofunika kuzidziwa.

Choyamba ndi LibraryThing, yomwe adayambitsa Tim Spalding mu 2005. Munthu amatsegula akaunti, n'kulemba mutu kapena nambala ya buku, ndipo tsambalo limakasaka khadi lake m'malaibulale ambiri a padziko lonse. Pali pulogalamu ya pafoni yomwe imawerenga ndi kamera timizere takuda ta kumbuyo kwa chikuto. Mamembala eniake adamasulira tsambali m'zilankhulo zingapo, kuphatikizapo Chipwitikizi, ndipo kuyambira mu Marichi 2020 akaunti ndi yaulere ngakhale mabuku achuluke bwanji. Mu 2016 eni tsambali adatulutsanso TinyCat, chida cha malaibulale aang'ono monga a kusukulu ndi kutchalitchi, chomwe chimathandiza kulemba obwereka ndi obweza mabuku. Mabungwe amalipira kuti achigwiritse ntchito.

Chachiwiri ndi Open Library, ya bungwe la Internet Archive, yomwe idayamba mu 2006 ndi cholinga chakuti buku lililonse lomwe lidasindikizidwapo likhale ndi tsamba lake. Aliyense wolembetsa akhoza kuwonjezera buku kapena kukonza khadi lolakwika, ndipo makhadi ake ndi otseguka kwa onse. Pa mabuku a Chinyanja izi n'zofunika kwambiri, chifukwa khadi lolembedwa ku Fingoé likhoza kupezedwa ndi mphunzitsi wa ku Katete, ku Dedza kapena ku Lichinga.

Chachitatu ndi Koha, pulogalamu yoyendetsera laibulale yonse, yomwe idapangidwa ku New Zealand pakati pa 1999 ndi 2000. Ndi yaulere ndipo mayunivesite ambiri a mu Africa amaigwiritsa ntchito, koma imafuna kompyuta yosungira zinthu, magetsi odalirika ndi munthu wodziwa kuisamala. Ikuyenera sukulu zophunzitsa aphunzitsi monga za ku Angónia ndi ku Chitima, osati sukulu ya pulayimale ya kumudzi.

Chachinayi ndi Goodreads, yomwe idatsegulidwa mu 2007 ndipo kampani ya Amazon idaigula mu 2013. Ndi yotchuka pakati pa anthu okonda kuuzana maganizo pa mabuku omwe awerenga, koma sidakonzedwe kuti izinena kabati yomwe buku lili.

Mphamvu ya zida ngati LibraryThing ndi Open Library ili mwa anthu omwe amakonza makhadi. Buku la Nthondo, lomwe lidatuluka mu 1933, likuonetsa bwino ntchito yawo. Dzina la wolemba wake limapezeka lolembedwa pawiri, Samuel Josia Ntara komanso Nthara. Bukuli lidasindikizidwa kangapo, ndipo mu 1934 lidatuluka m'Chingerezi ndi mutu wina, lomasuliridwa ndi T. Cullen Young. Kompyuta payokha imaona ngati awa ndi olemba awiri ndi mabuku osiyana. Pamafunika munthu wodziwa nkhani yake kuti alumikize mayinawo ndi kunena kuti ntchito ndi imodzi. Pa mabuku a Chingerezi anthu otere ndi ambirimbiri, koma pa mabuku a Chinyanja ndi owerengeka, ndipo aphunzitsi a ku Tete ali m'gulu la anthu omwe angaigwire bwino ntchitoyi.

Chopinga choyamba: nambala ya buku

Zida zonsezi zimathamanga buku likakhala ndi ISBN, nambala yomwe dziko lonse limazindikirira buku. Kuyambira pa 1 Januwale 2007 nambalayi ili ndi manambala 13. Imayamba ndi 978 kapena 979, kenaka chigawo chonena dziko kapena gulu la mayiko, chigawo cha wosindikiza, cha bukulo, ndi nambala yomaliza yotsimikizira kuti zonse zalembedwa molondola. Mwachitsanzo, 9982 ikabwera pambuyo pa 978 ndiye kuti bukulo lidalembetsedwa ku Zambia, pamene 99908 ndi ya ku Malawi.

Mabuku ambiri omwe ali m'makabati a sukulu, m'matchalitchi ndi m'nyumba za aphunzitsi alibe nambala imeneyi. Njira ya ISBN idayamba kufala cha m'ma 1970, motero mabuku akale, monga madikishonale ndi galamala za Chinyanja zomwe ansembe a Chijezuwiti adasindikiza ku Lisbon m'zaka za m'ma 1960, alibe. Timabuku ta mabungwe ndi tophunzitsira akuluakulu kuwerenga nthawi zambiri timatulukanso popanda nambala. Mabuku ambiri a ku Mozambique ali ndi nambala ina, yolembetsera ku Instituto Nacional do Livro e do Disco, yomwe imakhala ndi zilembo RLINLD, kapena nambala ya Depósito Legal ya ku Biblioteca Nacional de Moçambique. Zida za pa intaneti sizisaka buku ndi nambala zimenezi. Ngakhale buku lokhala ndi ISBN likhoza osapezeka ngati palibe laibulale yomwe idalilembapo.

Choncho amene akulemba mabuku a Chinyanja ayembekezere kuti kamera ya foni imuthandiza pa mabuku ochepa chabe. Ambiri adzafunika kulembedwa pamanja, ndipo LibraryThing ndi Open Library zonse zimalola kutero. Ntchitoyi ndi yochedwa, koma ndiyo yaphindu kwambiri, chifukwa mwina khadi limenelo ndi loyamba lomwe bukulo lakhala nalo chisindikizireni. Nambala ya RLINLD kapena ya Depósito Legal ilembedwe m'danga la ndemanga, kuti idzathandize kusiyanitsa mabuku ofanana mitu.

Chopinga chachiwiri: dzina la chilankhulo

Chilankhulo chimodzichi chili ndi mayina ambiri. Ku Malawi chidatchedwa Chichewa kuyambira mu 1968. Ku Zambia ndi ku Mozambique mabuku a sukulu amalemba Cinyanja. Mabuku a Chipwitikizi amalemba Nianja kapena Nyanja, a Chingerezi amalemba Chewa kapena Nyanja, ndipo dikishonale ya David Clement Scott ya 1892 idagwiritsa ntchito dzina la Mang'anja. Munthu wosaka ndi dzina limodzi lokha amaphonya mabuku onse olembedwa ndi mayina enawo.

Akatswiri a malaibulale adathana ndi vutoli popatsa chilankhulo chilichonse zilembo zitatu. Za Chinyanja ndi nya, ndipo zikuimira Chichewa cha ku Malawi pamodzi ndi Cinyanja cha ku Zambia ndi ku Mozambique. Za Chipwitikizi ndi por. M'ndandanda waukulu wa ISO 639-3, Chinsenga ndi nse, Chinyungwe ndi nyu, ndipo Chisena cha ku Mozambique ndi seh. Koma mndandanda womwe makhadi a MARC amatsata ndi waufupi, ndipo zilankhulo za Chibantu zomwe zilibe zilembo zakezake umaziunjika pamodzi pa bnt. M'boma lomwe ana a Chinsenga ndi a Chinyanja akhoza kukhala pa benchi imodzi, kuunjika kotereku kumabisa chinthu chomwe mphunzitsi akufuna kudziwa.

Njira yake ndi kugwiritsa ntchito mawu ozindikiritsa, omwe LibraryThing imalola aliyense kumata pa buku. Gulu ligwirizane kuti buku lililonse la Chinyanja lizikhala ndi chizindikiro nya, la Chinsenga nse, la Chinyungwe nyu, ndipo la zilankhulo ziwiri lizikhala ndi zizindikiro zonse ziwiri, monga nya ndi por. Chofunika si chizindikiro chomwe chasankhidwa, koma kuti onse azilemba chimodzimodzi. Wina akalemba Nyanja, wina Cinyanja, wina Chichewa, kaundula mmodzi amasanduka akaundula atatu.

Chopinga chachitatu: kalembedwe

Apa m'pamene nkhani ya kaundula ikukhudza kalasi mwachindunji. Ku Mozambique kalembedwe ka zilankhulo za m'dzikomo kadakambidwa pa misonkhano itatu, mu 1988, mu 1999 ndi mu 2008, motsogozedwa ndi akatswiri a zilankhulo a ku Universidade Eduardo Mondlane. Ku Zambia malamulo a kalembedwe adatuluka mu 1977, pamene ku Malawi bungwe la Chichewa Board lidatulutsa ake mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Zotsatira zake n'zakuti mawu amodzi amaoneka mosiyana malinga ndi komwe buku lidasindikizidwa.

Kusiyana koonekeratu kuli pa c ndi ch. Pomwe buku la ku Malawi lalemba chaka ndi chimanga, la ku Mozambique kapena ku Zambia lilemba caka ndi cimanga. Pomwe la ku Malawi lalemba ntchito, enawo alemba nchito. Izi zikutanthauza kuti zilembo ch zikuimira liwu lina m'buku la ku Blantyre ndi liwu lina m'buku la ku Maputo. Mabuku akale a ku Malawi komweko, monga Buku Lopatulika la 1922, ankagwiritsanso ntchito c. Palinso kusiyana pa chilembo ŵ, pa l ndi r, ndi pa kulumikiza kapena kulekanitsa mawu.

Munthu wamkulu wodziwa kuwerenga saona vuto pamenepa. Koma mwana wa kalasi yoyamba amene akuphunzira kumene kuti chilembo chakuti chimatchulidwa mwakuti akhoza kusokonezeka. Sikuti mabuku a ku Malawi ndi ku Zambia atayidwe ayi. Marávia ali m'malire ndi chigawo cha kummawa cha Zambia, komwe Cinyanja ndi chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zophunzitsidwa m'sukulu, ndipo kungakhale kudzimana kukana mabuku ochokera kumeneko. Chofunika n'chakuti mphunzitsi adziwiretu kalembedwe ka buku asanalipereke kwa ana, kuti asankhe loyenera oyamba kumene, ndipo lina alisungire ana a kalasi yachitatu kapena yachinayi omwe angathe kuuzidwa za kusiyanako n'kumvetsa. Palibe chida cha pa intaneti chomwe chili ndi danga la kalembedwe ka Chinyanja, choncho gulu liyenera kudzipangira zizindikiro zake, monga kalembedwe-MZ, kalembedwe-MW, kalembedwe-ZM ndi kalembedwe-kakale.

Kalembedwe kamakhudzanso kusaka. Mutu wa buku uyenera kulembedwa ndendende monga uliri pa tsamba loyamba, osaukonza. Koma ngati muli mawu omwe amalembedwa pawiri, kalembedwe kenako kawonjezedwe m'danga la ndemanga, kuti wosaka chilala apezenso buku lomwe lalemba cilala.

Zomwe khadi labwino liyenera kunena

Khadi la sukulu siliyenera kukhala lalitali ngati la ku yunivesite. Zinthu khumi izi n'zokwanira:

1. Mutu wa buku, monga walembedwera pa tsamba loyamba.
2. Wolemba, womasulira ndi wojambula zithunzi, ngati atchulidwa.
3. Wosindikiza, mzinda ndi chaka. Ngati chaka palibe, alembe kuti palibe, asachite kuganizira.
4. ISBN kapena nambala ina iliyonse yolembetsera.
5. Chilankhulo kapena zilankhulo, ndi zilembo zitatu zija.
6. Kalembedwe komwe bukulo latsata.
7. Mtundu wa buku: lophunzirira m'kalasi, la mphunzitsi, la nthano, la ndakatulo, lophunzitsa zinthu zenizeni, la chipembedzo kapena dikishonale.
8. Msinkhu wa kawerengedwe.
9. Chiwerengero cha masamba.
10. Sukulu kapena malo omwe bukulo lili, makope angati, ndipo ali bwanji.

Mfundo yachisanu ndi chitatu ndi yomwe imafuna kukambirana kwambiri. Kulemba kuti buku ndi la ana sikuthandiza mphunzitsi. African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa, imagawa mabuku ake m'magawo asanu, kuyambira a mawu oyamba, a ziganizo zoyamba, a ndime zazifupi, a ndime zazitali, kufikira omwe wamkulu amawerengera ana mokweza. Gulu likhoza kubwereka magawo amenewa, koma liwayese ndi Chinyanja. Mawu a Chinyanja amakhala aatali chifukwa mneni mmodzi amanyamula zambiri. Mawu oti sindidzakuiwalani ndi amodzi, koma ali ndi maphatikizo asanu ndi atatu ndipo ndi chiganizo chathunthu. Choncho kungowerenga kuchuluka kwa mawu pa tsamba, monga amachitira ndi Chingerezi, kukhoza kunamiza. Ndi bwino kuyang'ananso kutalika kwa mawuwo ndi maphatikizo ovuta monga ntch, mph, ng' ndi psy.

Pa kayalidwe ka mabuku pashelefu, sukulu yaing'ono isadzivutitse ndi manambala a m'malaibulale aakulu. M'njira ya Dewey, Chingerezi chokha chili ndi manambala kuyambira 420 mpaka 429, Chipwitikizi chili pa 469, pamene zilankhulo zambirimbiri za mu Africa zidapanikizidwa pa 496. Kabati ya mabuku mazana awiri imatumikira bwino ana ikayalidwa potsata msinkhu wa kawerengedwe, gawo lililonse ndi kachizindikiro ka mtundu wake pamsana pa buku.

Kugwira ntchito komwe netiweki ndi yosadalirika

Sukulu zambiri za m'bomali zili kutali ndi Fingoé, misewu imavuta m'nyengo ya mvula, ndipo netiweki ndi magetsi sizipezeka paliponse. Ntchito yomwe ingafune kuti mphunzitsi aliyense azilowa pa intaneti ndi foni yake ndi ndalama zake singapite patali. N'chifukwa chake ntchitoyi iyenera kugawidwa pawiri: kulemba makhadi, komwe kumachitika pomwe mabuku ali, ndi kuwakweza pa intaneti, komwe kumachitika pomwe netiweki ili.

Kulemba kungachitike m'kope wamba lojambulidwa mizere khumi. Pomwe pali foni ya Android, pulogalamu ya KoboCollect, yomwe ofufuza ambiri amaidziwa kale, imalola kudzaza fomu ndi kujambula chithunzi popanda netiweki, n'kudzatumiza zonse pambuyo pake. Chithunzi cha chikuto, cha tsamba loyamba ndi cha kuseri kwake chimathandiza wokweza makhadi kukonza zolakwika popanda kubwerera kusukuluko. Zonse zikasonkhanitsidwa pa tebulo la pakompyuta, munthu mmodzi kapena awiri aziunika, n'kuzilowetsa mu akaunti imodzi ya gulu lonse pa LibraryThing, ndipo mabuku omwe sakupezeka kwina kulikonse awawonjezere pa Open Library.

Dongosolo la maphunziro la ku Mozambique lili kale ndi malo oyenera ntchitoyi. Sukulu zoyandikana zimakhala m'gulu lotchedwa ZIP, Zona de Influência Pedagógica, ndipo aphunzitsi ake amakumana kuti akonzekere maphunziro limodzi. Mamembala a LibraryThing ali ndi chizolowezi chosonkhana tsiku limodzi kukalemba mabuku onse a laibulale yaing'ono, ya tchalitchi kapena ya sukulu. Kwa anthu a ku Marávia imeneyi si nzeru yachilendo, ndi dima. Lero aphunzitsi a ZIP yonse akhamukira kabati ya sukulu imodzi, mwezi wamawa ya ina. Wina atulutsa mabuku ndi kukuntha fumbi, wina awerenga mitu, wina alemba, ndipo aphunzitsi a makalasi oyamba aweruza msinkhu wa buku lililonse. Phindu lina la dima lotere n'lakuti aphunzitsi amagwira ndi manja awo mabuku omwe sankadziwa kuti sukulu yoyandikana nayo ili nawo, ndipo kubwerekana kumayambira pomwepo.

Mabuku a pa intaneti alowenso m'kaundula

Si mabuku onse omwe ali pa pepala. Kuwonjezera pa African Storybook, pali Bloom Library ya bungwe la SIL, StoryWeaver ya Pratham Books ya ku India yomwe idatsegulidwa mu 2015, ndi Global Digital Library yomwe idatsegulidwa mu 2018. Mabuku ambiri a m'malo amenewa ali ndi chilolezo cha Creative Commons, chomwe chimalola kukopa, kusindikiza, ndipo kawirikawiri kumasulira kapena kusintha, malinga wolemba watchulidwa. Pulogalamu ya Bloom imathandizanso kulemba timabuku togwiritsa ntchito zilembo zokhazo zomwe ana aphunzira kale.

Mabuku a Chinyanja a m'malo amenewa amapezeka pansi pa mayina osiyanasiyana aja, ndipo ambiri adakonzedwera ana a ku Malawi kapena ku Zambia. Khadi lake linene komwe bukulo likupezeka, kalembedwe kake ndi mtundu wa chilolezo chake. Chilolezo chikalola kusintha, mphunzitsi kapena wophunzira za uphunzitsi akhoza kukonza kalembedwe kuti kagwirizane ndi ka ku Mozambique, n'kusintha mawu omwe ana a ku Marávia sangawamve. Imeneyi ndi njira yachangu komanso yotsika mtengo yochulukitsira zowerenga.

Zoyenera kusamala

Walira mvula walira matope. Kaundula wa pa intaneti ali ndi zovuta zake, ndipo zinayi mwa izo ziyenera kukambidwa ntchito isanayambe.

Choyamba, kulemba buku m'kaundula si chimodzimodzi ndi kulikopa. Kulemba mutu, wolemba ndi chaka n'kololedwa. Kujambula buku lonse n'kuliika pa intaneti kumafuna chilolezo cha mwini wake, kupatula ngati bukulo lili ndi chilolezo chotseguka.

Chachiwiri, mayina a ana obwereka mabuku asaikidwe pa tsamba loonekera kwa aliyense. Kope la obwereka likhale kusukulu.

Chachitatu, masamba a pa intaneti amasintha eni ndipo ena amatsekedwa. Shelfari, tsamba lina lolembera mabuku lomwe lidali ndi anthu ambiri, lidatsekedwa mu 2016. Choncho teremu iliyonse gulu lizikopa kaundula wake wonse n'kusunga pa kompyuta, komanso lizisindikiza pa pepala kope la ZIP iliyonse ndi la ofesi ya maphunziro ya m'boma, SDEJT. Kwa mphunzitsi wa kumudzi, pepala limenelo ndiye kaundula weniweni.

Chachinayi, kaundula amakalamba. Chiswe, mvula yodontha padenga ndi kusamuka kwa aphunzitsi zimasintha zomwe zili m'kabati. Pakhale munthu wodziwika pa ZIP iliyonse woona kuti makhadi akuwerengedwanso kamodzi pa chaka, makamaka sukulu zikamatsegulira, pamene mabuku aulere a boma akufika.

Zomwe kafukufuku angapindule

Kaundula saika buku m'manja mwa mwana, koma amasintha mmene nkhani ya mabuku imakambidwira. M'malo mongonena kuti mabuku a Chinyanja ndi ochepa, ofufuza ndi aphunzitsi akhoza kunena kuti pa msinkhu woyamba pali mitu ingati, ingati mwa iyo ili m'kalembedwe ka ku Mozambique, ndi sukulu ziti zomwe zilibiretu. Akhoza kuona ngati nthano zachuluka pamene mabuku ophunzitsa za nthaka, nsomba za m'nyanja ya Cahora Bassa, thupi la munthu kapena mbiri ya Maravi akusowa. Akhoza kuona ngati ana olankhula Chinsenga ali ndi choti awerenge. Akhozanso kuyerekeza kuchuluka kwa zowerenga pa sukulu ndi mmene ana a pasukulupo akuwerengera, lomwe ndi funso lalikulu pa kafukufuku wa maphunziro a zilankhulo ziwiri. Mayankho otere ndiwo omwe ofesi ya maphunziro, osindikiza mabuku ndi mabungwe othandiza angagwirire ntchito.

Kuyamba sikufuna zambiri. ZIP imodzi isankhe sukulu imodzi, igwirizane pa zizindikiro za chilankhulo, kalembedwe ndi msinkhu, ijambule mizere khumi m'kope, n'kutsegula kabati. Ikamaliza mabuku makumi asanu oyamba, ikhale pansi n'kuona pomwe olemba adasiyana maganizo, ikonze malamulo ake, kenaka ipitirire ku sukulu yachiwiri.